Tsiku Limene Achemwali Anazizira

Achemwali anga a Yunike anawadula bere lakumanzere ku Blantyre. Atabwerera kuno ku Magaleta, achipatala anawapatsa timapiritsi toti azimwa tsiku ndi tsiku kuti khansa isabwererenso. Timapiritsi tothandiza, koma nkhanza zake! Mukucheza nawo bwinobwino, mwadzidzidzi moto wawabukira pachifuwa mpaka kumutu, thukuta kamukamu ngati alima ndime dzuwa lili paliwombo. Anamwino anati si malungo, ndi mmene mankhwalawo amachitira. Ndiye achemwali anasiya tiyi wotentha komanso tsabola wa kambuzi, juzi yawo anandipatsa ine, ndipo kulikonse ankayenda ndi kansalu konyowa m'jumbo ndi kakatoni kodzikupizira.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Binwell, anakwatira ku Nsambe. Mkazi wake atabereka mwana wamkazi, achemwali sanathenso kukhazikika. "Ndikangomunyamula mdzukulu wangayo, basi, Mulungu achite kufuna kwake," anatero tikukwera njinga yamoto.

Kwathu kuno khanda silinyamulidwa ndi munthu wotentha, ndiye kuti amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi. Amati lingadwale tsempho. Choncho apongozi a Binwell, a Eliza, anatuluka ndi mwana m'manja n'kufunsa mwamwambo: "Asewere, ndinu ozizira eti?"

"Amuna anga anatsogola kalekale, ndingatenthe ndi ndani ine?" anaseka achemwali, akutambasula manja.

Pomwepo chinthu chija chinawabwerera. Nkhope inanyowa, thukuta likuchucha m'khosi, ndipo mwachizolowezi anangofuula, "Mayo ine, ndatenthanso!"

A Eliza anabweza mwana pachifuwa pawo msangamsanga.

"Ndi mankhwala, inu mayi!" ndinakalipa. "Munthu wa bere limodzi, wodwala chonchi, mukumuganizira zotani?"

"Anena okha ndi pakamwa pawo," anayankha a Eliza. "Thupi silinama. Mwanayu akatupa, mudzati chiyani?"

Ndinafotokoza mpaka malovu kuuma, koma ayi ndithu. Binwell, mkamwini pamudzi pa eni, anangoti zyoli kuyang'ana zala zakumapazi. Ndinafuna kumuwomba khofi mwana ameneyo. Pobwerera achemwali analira njira yonse, nkhope ataibisa pamsana panga. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti mwana wawo sanawaikire kumbuyo.

Patapita nthawi achemwali ananditumizira uthenga pafoni kuti tibwererenso ku Nsambe, ndipo ndiwabweretsere juzi yawo ija. Ndinawapeza akumwa tiyi wa nthunzi, kansalu kaja kali gwaa pachingwe, kouma. Ine chitsiru ndinakondwa, ndimvekere thupi lazolowera mankhwala.

Titafika, achemwali anakana mthunzi. Anakhala pamphasa padzuwa, juzi ili m'thupi, kuti aliyense adzionere yekha. A Eliza anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anawagwira pakhosi ndi kuseri kwa dzanja. Pouma. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mwana.

Achemwali anamulandira ndi manja awiri. Anamununkhiza pamutu, anamuwerenga tizala, n'kumamuuza kuti mphuno yakeyo ndi ya malemu agogo ake aamuna. Chidwalire sindinawaonepo akusangalala chonchi. Koma ine ndinayamba kukayikira, chifukwa dzuwa la tsiku limenelo ngakhale ine wabwinobwino linkanditulutsa thukuta, pomwe iwo kale ankanyowa ali pamthunzi.

Ndinasendera pafupi. "Achemwali, mapiritsi aja mukumwa?"

"Tsitsa mawu, mwana angadzuke."

"Ndikukufunsani, mukumwa?"

"Ndinasiya tsiku lomwe lija," ananong'ona osandiyang'ana. "Anafuna munthu wozizira, si uyu ndazizira?"

Ndinagwidwa ndi mantha osakanikira ndi mkwiyo, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati mawa m'mawa tikalawirira kuchipatala, afune asafune. Anavomera ndi mutu, maso ali pa mdzukulu wawo.

"Tipita," anatero. "Koma tandithandiza kaye kumusunthira kudzanja lamanjali. M'khwapa mwakumanzeremu mwatuluka kanthu kolimba, kakundipweteka."