Bambo anga ndi kandege ka Tadala

Maloto a dzana akundizungulirabe m'mutu.

Ndinalota ndikulendewera kunsi kwa droni, kandege kamene mwana wanga Tadala amaulutsa poyendera minda ya kalabu yathu. Mphepo inkandilowa m'khwapa, mano akunjenjemera ndi kulira kwa kandegeko. Pansi chimanga changa chinali ndi mabala ofiira, monga chimaonekera pa foni ya Tadala chikadwala, ndipo ndinkamva mbozi za ntchemberezandonda zikutafuna ngati mbuzi.

Kenako m'mizere munatulukira malemu bambo anga. Anavala jekete la kutchalitchi koma opanda nsapato, akuthira dothi kunsonga kwa chimanga, phesi limodzilimodzi.

"Iwe, mbalame imeneyo ndi ya mzungu uti?" anakuwa.

"Ndi ya mdzukulu wanu, bambo!"

Ndinangoona Tadala waima pachulu. "Agogo, kumeneko kulibe kanthu. Mbozi zili kumunsi, pafupi ndi ngalande."

Kandege kanatsika n'kuyamba kuwaza mankhwala ngati mame, pamabala pokhapokha, kufiira kuja n'kuzilala. Bambo, munthu amene sanavulirepo mwana chipewa, anachivula n'kuyamba kuvina m'matope. Ine m'mwambamo misozi ili chuchuchu.

Ndinadzuka masaya atanyowa. Kaya bambo anabwera kudzandichenjeza za mbozi, kaya kudzangoona mdzukulu amene sanamunyamulepo, sindikudziwa. Nditamufotokozera Tadala, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Nanga ababa, bwanji simunawauze kuti ndikuphunzitsanso ena kuulutsa kandegeka?"

Zoonadi, zimenezo ndinaiwala kuwauza. Akadzabweranso ndidzayambira pomwepo.