Kansalu ka Maliro Kumakina a Thonje

Kungoyambira m'mawa Damiano adali pikitipikiti, uku walowa m'nyumba ya makina, uku watulukira kumabelo a thonje, uku wabwereranso, thukuta lili kamukamu. Anthu ankangoyang'anizana n'kumanong'onezana kuti kodi a Kapitawo alowedwa linthumbu lero?

Iyeyu ndiye adali kapitawo wamkulu pamakina ochotsa njere m'thonje ku Chiromo, zaka zija nkhondo ya Jeremani itangotha. Kulemba anthu ntchito ndi iye, kuwachotsa ndi iye, kuleretsa ndewu ndi iye, kuthamangitsa osuta fodya pafupi ndi thonje ndi iye yemweyo. Mzungu wa kampaniyo ankangokhala pakhonde n'kumadzikupiza ndi chipewa. Koma lamulo limene Damiano ankaliikira mtima kuposa onse lidali lopanga yekha: aliyense wolowa kumene kuli lamba amange nsalu yake zolimba, pasakhale kanthu kolendewera. Lambayo, abale inu, musamuyese wa m'chiuno ayi. Chidali chichikopa chotambalala, chochokera ku injini kukafika kudenga, chikuthamanga pamagudumu achitsulo osapuma. Chaka chathacho chidakola munthu dzanja la malaya n'kumuzunguza, ndipo amene adakatula mtembo kwa amayi ake adali Damiano.

Tsono lero wolendeweretsa nsalu adali mlamu wake weniweni, Paison, wothira mafuta m'makinamo.

Rosa, mlongo wake wa Damiano, yemwe adali mkazi wa Paison, adamwalira ndi chifuwa thonje litangoyamba kuthyoledwa. Pamaliropo adzukulu adang'amba kansalu kunsalu ya malemuyo n'kumumanga Paison kumutu, mchira wake n'kumagwera kumsana. Mwambo wa m'mudzi mwawo udali wakuti kansaluko sakavula, sakapinda, ndipo wina sakakhudza, kufikira tsiku limene mwini mbumba adzakachotse ndi dzanja lake pamaso pa anthu. Akachotsa, basi, ukwati watha, mkamwini wasudzulidwa. Atenge khasu lake ndi mphasa yake azipita kwawo tsiku lomwelo, ana atsale kuchikazi. Mwini mbumbayo adali Damiano. Kwawo kwa Paison kudali kutsidya kwa Ruo, kwa Apwitikizi, ndipo mwana wake Evelesi adali atangoyamba kumene kuyenda.

N'chifukwa chake Damiano ankazengereza. Akuluakulu akamufunsa za tsikulo ankati mapira a mowa sanakwane. Akamufunsanso ankati tiyambe tathana ndi thonje. Bodza lokhalokha! Chenicheni n'chakuti ankamukonda mlamu wakeyo, ndipo sankafuna kuona kamwana kongotaya mayi kakutayanso bambo.

Adamupeza Paison akudzaza kachitini kake ka mafuta, injini isanalire.

"Alamu, sindidakuuzeni kuti mukhale kunyumba?"

"Kunyumba ndizikatani?" adatero Paison osadzutsa mutu. "Ndikakhala chete ndimawamva akutsokomola kuseri kwa chitseko. Kuno makina amandigonthetsa m'khutu, ndimapumako."

"Pitani kumabelo tsono, muzikasoka ziguduli."

"Nkhabe, sindipitako!" Paison akapsa mtima Chisena chinkangodzitulukira. "Kumabeloko kuli zii ngati kumanda. Ndisiyeni pompano."

"Chabwino, koma mchirawo ulowetseni m'malaya."

Apo m'pamene Paison adamuyang'ana, maso ali psuu. "Ndibise nsalu ya Rosa? Inu mudalowa zakumishoni, yanu simudamange n'komwe. Yangayi isiyeni momwe adaimangira adzukulu."

Mawuwo adamulasa Damiano pamtima, moti mkwiyo udamukwera. Adakweza mawu kuti ngati ndi choncho Paison atuluke, asaonekenso pamakinapo kufikira iye atanena. Ha! Adalakwa kukuwa. Asanatseke pakamwa adangoona Lorenso, mkulu wosonkhezera moto ku injini, wafika akupukuta manja, anzake ali pambuyo nyomi. Chifere mnzawo uja chaka chatha, antchito onse adapangana kuti nkhani ikabuka azilankhula ndi pakamwa pamodzi, ndipo pakamwapo padali Lorenso.

"A Kapitawo, tamva," adatero Lorenso mwaulemu wake. "Namfedwa sathamangitsa. Mukamutulutsa ameneyu, tonse tili pambuyo pake. Mukamukakamiza kupinda kansaluko, titulukanso."

"Nanga lamba akamukola?"

"Mkazi wake yemwe angamupereke? Nsaluyo n'njomuteteza."

"A Lorenso, lamba sadziwa mizimu! Mudali pomwepa chaka chatha, mudaona ndi maso anu."

"Tidaona. Uja adali malaya a kusitolo. Iyi ndi nsalu ya maliro."

Damiano adangogwira m'chiuno. Anthu omwe aja amene ankamuyamikira lamulo lake, lero ndiwo amene ankalithyola, ndipo palibe mmodzi yemwe ankaona kuti akulakwa. Adathamangira kukhonde kwa mzungu kukapempha kuti makina aime ngakhale tsiku limodzi lokha, akambirane ndi akuluakulu a kumudzi. Mzunguyo adamva theka lokha la nkhaniyo n'kumudula ndi Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Sitima ibwera mawa. Makina ayende. Anthu ndi ako, kapitawo, iwe udziwa."

Udziwa! Kunena n'kosavuta uli pamthunzi.

Injini idalira, magudumu adayamba kutembenuka, lamba n'kuyamba nyimbo yake ija, phaphapha, phaphapha, mpaka denga la malata kumanjenjemera. Kutentha kwa ku Chiromo mukukudziwa, kumachita ngati wina wakuvundikira mphika. M'katimo ufumbi wa thonje udali kuuluka mbuu, kulowa m'mphuno, kumata m'zikope. Munthu ukafuna kulankhula ndi mnzako unkachita kumukuwira m'khutu.

Damiano adapeza nzeru imodzi yokha. Adamulanda Paison kachitini n'kumulozera kuti iye azithira pansipansi, kutali ndi lamba, zakumwamba azikwera ndi iye mwini. Paison sadakane, adangotukula mapewa. Choncho kapitawo wamkulu, munthu wovala nsapato, adakhalira kukwera makwerero ndi kutsika, mafuta ali nyekenyeke m'manja, diso limodzi pagudumu, lina pamsana wa mlamu wake. Paison akawerama, mchira wa kansaluko unkagwera kutsogolo, mtima wa Damiano n'kudumpha. Akaweramuka, mtima n'kubwerera m'malo. Adayesa kupemphera monga adamuphunzitsira ansembe, koma mawu ankangosokonekera m'phokosomo. Mantha adamugwira, mantha enieni.

Dzuwa lili paliwombo mlonda adalowa akuthamanga n'kumukoka dzanja. Kuseri kwa nyumbayo mulu wa thonje udali kufuka utsi, nthethe ya moto yochokera kuchumuni itagwerapo. Moto pathonje si wonena kuti ndidikire. Damiano adaika kachitini pansi, adamukodola Paison kuti asasunthe pamene adalipo, n'kutuluka liwiro. Adakuwira anthu a kumabelo, adapanga mzere wa ndowa kuchokera kumtsinje, iye mwini n'kumapondaponda thonje lofukalo mpaka nsapato kununkha chikopa chopserera. Sudali moto waukulu, udazima msanga. Koma paja amati chakudza sichiimba ng'oma.

Ali pomwepo adamva kulira kwina pamwamba pa phokoso lonse lija, kwiii, kwiii, gudumu lakudenga lauma mafuta. Adadziwiratu. Wothira mafuta weniweni sangamve gudumu likulira chotero n'kukhala manja lende.

Polowa adapeza Paison ali pamwamba pa makwerero, kachitini kali m'manja, mutu wausuzumiritsa kuchitsulo. Mphepo ya lamba idali itaunyamula kale mchira uja. Unkavina m'malere, kupita, kubwerera, kupitanso, nsonga yake ikunyambita m'mphepete mwa chikopa.

"Alamu! Alamu inu!"

Ndani akadamva? Lorenso adali kutali ku injini, ndipo ngakhale akadatseka nthunzi pomwepo, magudumu saima ngati munthu. Damiano adakwera makwererowo osadziwa kuti mapazi akuponda pati. Kumukoka mwendo? Akadagwera m'makina a pansi. Kumukoka malaya? Mchira udali utalowa kale pakati pa lamba ndi gudumu, mutu wa Paison wayamba kupendekera kumbuyo, maso ali tong'o. Musaganize kuti Damiano sadadziwe chimene ankachita. Adadziwa bwino lomwe, ndipo mtima udamuwawa dzanja lisanafike. Adalowetsa zala pansi pa kansaluko pachipumi n'kukakankhira m'mwamba ndi mphamvu zake zonse.

Kansalu kadavuka. Lamba adakatenga, kukazunguza kudenga, kukabweza pansi kali nyenyenye, kukazunguzanso.

Awiriwo adatsetsereka pamakwereropo n'kugwera pamulu wa njere. Wina adathamangira kwa Lorenso, nthunzi idatsekedwa, magudumu adayenda pang'onopang'ono mpaka kuima. M'nyumba monse mudangoti zii. Anthu adawazungulira, koma palibe amene adawomba m'manja kapena kufunsa ngati wina wapweteka. Onse maso adali pamutu wa Paison.

Paison adakweza dzanja n'kudzipapasa pachipumi, kenako kunkhongo. Adapapasanso kachiwiri.

"Si ine," Damiano adayamba, mpweya uli m'mwambamwamba. "Ndi lamba. Lamba ndiye wachotsa, nonse mwaona."

Lorenso adavula kachipewa kake. Sadalankhule mwaukali, mawu ake adali achisoni. "Taona, a Kapitawo. Lamba adagwira kumchira, koma pamutu lidachotsa ndi dzanja lanu. Ndinu mwini mbumba, ndipo anthu ndife tili panofe."

"Ameneyu si mwambo! Kulibe mowa, kulibe akuluakulu. Tikang'amba kena kunsalu ya Rosa, adzukulu amumangenso."

"Maliro samanga kawiri," adatero Lorenso. "Mukufuna muitane maliro ena?"

Damiano adatembenukira kwa mlamu wake n'kumugwira mapewa onse awiri, misozi ikusakanikirana ndi ufumbi wa thonje. "Alamu, musapite. Nyumba ija ndi yanu, ndanena ndine. Akuluakulu ndikalankhula nawo ndekha."

Paison adapukusa mutu. "Ndikagone m'nyumba ya Rosa nditasudzulidwa? Mwana angatupe, alamu. Mayi ake ndaika kale m'manda, sindingamuikenso iyeyo." Adadzuka, adadzisasa njere m'miyendo, n'kutola kachitini kaja kukaika pamalo pake. "Nthawi ino Evelesi amakhala ali m'tulo kwa akazi anu. Ndikatenge mphasa ndi khasu asanadzuke. Akandiona ndikulowera kudooko andilondola."

Kunja mzungu adali atayamba kukuwa, kufunsa amene waimitsa makina. Anthu adapatuka kumupatsa njira Paison, ndipo Damiano adamutsatira mpaka pakhomo.

"Nanga akadzuka n'kukufunani, ndikamuuze chiyani?"

Paison adaima, osacheuka. "Mukamuuze kuti bambo ake ali moyo. Chimenecho ndiye mwandipatsa, alamu. Takhuta, zikomo."

Adatsika kulowera njira ya kumudzi, mutu uli pambalambanda padzuwa lija.