Wovundukula Mbale za Clotilda

Clotilda anakulira kunyumba ya ana amasiye ya masisitere ku Kasisi, ndipo zimenezo sizinkamuvuta mpaka tsiku limene akwawo kwa Terrence, bwenzi lake, anafunsa kuti mbale za ukwati akazitule kwa yani. Mbale satula kwa masisitere. Pamafunika malume, woti azivundukule n'kunena kuti mwanayu ndi wathu. Clotilda analibe, ndipo zinamuwawa kwambiri.

Chomwe ankadziwa n'chakuti malemu amayi ake, a Fridah, anali a ku Bundabunda. Anatsika minibasi m'tauni ya Chongwe atavala nsapato zazitali, ngati kuti fumbi lakumeneko limaopa anthu a ku Lusaka. Paja safunsa anadya phula. Anazungulira msika wonse, kwa ogulitsa chakumwa cha munkoyo ndi makala omwe, mpaka mayi wina wa tomato anamuuza kuti, "Mukafika kuja mufunse ba Jonas okonza njinga. Fridah anali mlongo wawo."

Atafika ku Bundabunda, anawapeza pansi pa mtengo wa mango akumata chubu. Anayamba kudzifotokoza ali chiimire, kenako anakumbukira mwambo n'kugwada, mochedwa ndithu. A Jonas anamuyang'ana kanthawi, n'kubweza maso pachubu.

"Ine nilibe mwana ku Lusaka," anatero.

"Nionetseni chabe manda a amayi."

Mlendo salowa yekha kumanda, choncho mkuluyo anatsogola. Manda ambiri anali atamera udzu, koma amodzi anali osesedwa bwino, pamwamba pali kapu yachitsulo yoboola pansi, monga amachitira ndi chiwiya cha womwalira. Tsache linali chapafupi, masamba ake akadali aawisi.

"Nindani amasesa pano?" Clotilda anafunsa.

"Ine," anatero mkuluyo. "Nine ninakunyamula panjinga kupita kwa masisita, uli kakhanda, ulibe wokuyamwitsa. Manje munthu wamene anapereka mwana angavundukule bwanji mbale zake?"

Apa m'pamene Clotilda anazindikira kuti mkuluyo sankamukana, anali ndi manyazi basi. Anawamvera chisoni kuposa mmene ankadzimvera yekha.

"Amalume," anatero, "mukanapanda kunipereka, sembe apa musesa manda awiri."

A Jonas anayang'ana kumbali, n'kupukuta nkhope ndi dzanja lamafuta a njinga.

"Ukawauze abwere nazo mbalezo," anatero. "Jekete nizabwereka."