Mipanda Khumi ndi Iwiri Paphiri

Ine ndinayamba ndi sowo yakutha mano, koma lero malole amafola pageti la shedi yanga ya matabwa. Ndege ndakwera mpaka kutopa nazo. Ndaona nkhalango m'mayiko anayi, zosesedwa bwino ngati bwalo la sukulu. Choncho nditagula mbali ya phiri lomwe ndinkachekako kale, ndinati ndiwaonetse anthu kaleredwe ka nkhalango.

Mitengo ikuluikulu ya matabwa ofiira inali itatsala khumi ndi iwiri. Inayo ndinagwetsa ndine, sindikana. Yotsalayi ndinkafuna ibereke, kuti mwana wanga wamkazi, yemwe akuyendetsa shedi tsopano, adzakhale ndi chocheka ine nditapita. Mtengo uliwonse ndinauzinga ndi mpanda wa waya kuti njere zikagwa zizimera mwamtendere. Tchire lonse lapakati pa mipandayo, ziyangoyango ndi timitengo tosadziwika, ndinalemba anthu azililambula. Chaka ndi chaka, kwa zaka zisanu ndi zinayi.

Alamu anga, achimwene a mayi akunyumba, ntchito yawo ndi yowerenga mitengo m'nkhalango. Ndinawatenga pagalimoto kuti akandiyamikire.

"Tepi yanu yoyezera mwatenga, alamu? Lero ikuchepera," ndinatero tikukwera chitunda.

"Inu mimbayo ikafike kaye pamwamba," anayankha.

Tinalowa mumpanda woyamba. Pansi ponse panali mbande zothinana ngati tsitsi, zotalika ngati chala.

"Taonani anawo," ndinatero. "Kunja konse ndayenda sindinaone zotere."

Alamu anagwada. "Ana ndawaona. Nanga akulu awo ali kuti? Zaka zonsezi bwenzi pali wina wofika m'chiuno."

Anazula kambande kamodzi n'kundionetsa muzu wakuda, wofewa.

"Mtengo uwu ana ake sakulira pamapazi pake. Pano pali mthunzi, pali chuku cha m'dothi, pali mbewa. Amamera ndi mvula, chilimwe chikafika atha. Opulumuka ndi aja mbalame zimanyamula n'kukawataya kutali, m'tchire, pomwe mtengo wakale unagwa n'kusiya kampata ka dzuwa."

"Tchire liti?"

Anatuluka mumpanda, ine pambuyo, n'kuyamba kuyenda chowerama pamalo olambulidwa aja. Anapalasa udzu ndi nsapato. Panali kachitsa konenepa ngati chala chachikulu, kodulidwa ndi chikwanje, kofiira m'kati. Patsogolo panali kena, kenanso. Pamzere umodzi wokha anawerenga zitsa makumi anayi ndi zitatu.

"Matabwa a mwana wanu ndi awa, alamu."

Ndinaseka. "Basi ndisiya kulambula. Tchire libwerera. Ine sindinalepherepo kanthu."

"Tchire libwerera, inde. Koma tayang'anani kumwamba."

Kwa zaka zonsezo ndinkangoyang'ana pansi. Nsonga za mitengoyo zinali zouma, nthambi zili mbee ngati mafupa.

"Inazolowera kuima pakati pa inzake," anatero. "Mwaisiya pamtetete, mphepo ndi dzuwa zikuimenya mbali zonse. Yomwe ikuberekabe ndi itatu, ndipo siichedwa kuuma. Mbalame nazo zinasamuka, poti tizipatso ta m'tchire tomwe zinkadzera kuno munatidula."

"Ndimanga nazale. Yaikulu, ya mipope."

"Mangani. Koma mbande zake mukakaziika poyera pano zikapsa. Podzafika tchire lozipatsa mthunzi, mitengoyi itafa kale, njere mudzazitenga kuti?"

Tinatsika phiri. Ndinawasiya alamu pakhomo pawo, ine n'kupita ku shedi. Mwana wanga anali pamakina, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Atandiona anazimitsa.

"Amalume akuti bwanji, bambo? Ayamikira?"

Ndinakhala pamulu wa matabwa n'kuvula nsapato, zinali zodzaza dothi.

"Mawa uwauze anthu aja asapitenso kukalambula," ndinatero.

"Ndiye kuti yakula?"

"Iwe uzolowere kucheka paini, mayi."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anayatsanso makina.