Dzuwa la Alamu ndi Ndevu Zanga

"Kwanga dzuwa limalowa ndikalamula ine," ndinawamva alamu akuuza wometa. Ankati m'thanki yawo ya madzi amchere nsomba zimakagona zokha nyale isanazime.

Awatu ndi alamu omwe amaiwala kuzimitsa ayironi. "Zikakhala zoona mundimete ndevuzi," ndinatero chapansipansi, koma wometa ali ndi makutu.

Loweruka chakumadzulo tinakhala pabalaza pawo: ine, mkazi wanga ndi wometa uja, makina ometera ali m'thumba. Kawotchi ka pasoketi kolamulira nyale ya m'thanki kanayamba ntchito yake. Kuwala koyera kunachepa pang'onopang'ono, madzi n'kusanduka abuluu.

"Ukazimitsa kamodzin'kamodzi zimadzidzimuka, mpaka kudziwombetsa pagalasi," ananong'ona alamu ngati tili m'tchalitchi.

Kansomba kachikasu kanazungulira mwala n'kulowa kuphanga kwake. Zinzake zinatsatira, iliyonse kubowo lake, popanda kulimbirana. Pomwe nyale inkazima, m'thanki munali kale zii. Kunena zoona, chinthu chokongola chotero ndinali ndisanachionepo.

"Amuna anga, apa ndiye mwatha," anatero mkazi wanga, akundikoleka kale thaulo m'khosi. Ndevuzo sanazikondepo chikwatiraneni.

Wometa anayatsa makina.

"Aaa, kukhitchini, alamu," anatero mwini dzuwa. "Nsomba zagona."