Chikwangwani cha pa Kapinga

Marlys anali kutembenuza mbale imodziimodzi, kuwerenga mayina omatidwa kunsi kwake kuti adziwe kokabweza, pamene galimoto ya a Duane Hofstad, wapampando wa khonsolo ya tauni ya Brekke, inaima panja. Bambo ake, a Orville Tveit, anaikidwa dzana, koma zakudya za anthu odzapepesa zinali zisanathe mufiriji. Mbatatesi za tchizi zokha zikanatha kudyetsa mpingo wonse.

A Duane anavula chipewa, napukuta nsapato pakhomo nthawi yaitali ngati kunja kuli matope. Anamugwira Marlys paphewa mwachidule, maso ali kale pabalaza.

"Pepani mayi, pepani ndithu. Mnyamata wathu uja alipo?"

Mnyamata wathu! Curt, mlongo wake wamng'ono, anali ndi dazi kale, mawondo ankalira akamakwera masitepe, koma kwa anthu a ku Brekke anali akadali mnyamata amene anaponya mpira womaliza chaka chimene timu ya basiketibo ya yunivesite ya mu tauniyo inatenga chikho. Kenaka anapita ku Denver kukagulitsa magalimoto. Marlys, amene anatsala pakhomo n'kumayendetsa sitolo ya zitsulo ya bambo ake, anali "mayi" basi, dzina loitanira aliyense.

Marlys anathirira a Duane ndi Curt khofi pabalaza, naima pakhomo la khichini, nsalu yopukutira mbale ili paphewa. Palibe anamuuza kuti akhale pansi.

Nkhaniyo ankaidziwa kuposa onse awiriwo. Yunivesite inkafuna holo yatsopano ya masewero, ndipo Lachiwiri khonsolo inkayenera kuvota ngati iwonjezere msonkho wa senti imodzi pa dola iliyonse imene munthu wagulira zinthu m'sitolo. Makhansala atatu ankati inde, atatu ankati ayi. Wotsalayo anali a Orville, ndipo anamwalira asanaulule mbali yawo. Lamulo linkalola khonsolo kusankha munthu womalizitsa nthawi ya malemu, ndipo mwa chizolowezi ankayamba kufunsa a pabanja.

"Wati ukubwerera kuno, eti? Ndiye mpando wa bambo ako ndi wako," anatero a Duane. "Ngakhale a ayi aja sangamukane mwana wa malemu, angachite manyazi. Mtima wa a Orville tonse tikuudziwa, si ichi chikwangwani chili pa kapingapo? Ndipo a ku yunivesite akuti jezi yako ya basiketibo idzapachikidwa kudenga la holoyo, pakatikati penipeni."

Curt anaseka mwamanyazi, akusisita dazi lake. "Nditaganizako kaye, a Duane."

"Ganiza, koma mawa undiyankhe. Mayi, khofi wanu ndi wabwino ngati kale."

Nsanje inamutentha Marlys mpaka m'makutu. Ndani ankawayendetsa bambo ake ku misonkhano ya khonsolo chiyambire pamene maso awo anayamba kuchita khungu? Ndani ankawawerengera mapepala mokweza, kuwakumbutsa dzina la mayi wodandaula za ngalande, kuwadikira pa benchi yam'mbuyo mpaka msonkhano utatha? Mpandowo ankaufuna, ndipo sanadzinamize. Koma chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti palibe ngakhale mmodzi anaganiza zomufunsa.

A Duane atapita, Curt anatuluka kukasesa masamba ouma pa kapinga. Marlys anamuyang'ana pawindo. Chikwangwani chobiriwira cholembedwa kuti INDE chinali chilili pafupi ndi msewu, ndipo amene anachizika anali iye mwini. Ali m'chipatala, mpweya ukuvuta kale, bambo ake anamukoka dzanja. Iye anawerama, poganiza kuti tsopano amva mawu amene anawadikira moyo wake wonse. Iwo anangoti, "Curt akubwera. Kazike chikwangwani chija."

Marlys anavala juzi natuluka.

"Achemwali," anatero Curt osatukula mutu, "ababa akanavota bwanji?"

"Ukundifunsa ine? Ine ndi wa khofi. Kafunse a Duane, ndi amene akudziwa mtima wawo."

"Musatero, achemwali."

"Ndisatero bwanji? Wabwera ndi sutikesi imodzi, pofika mawa uli ndi mpando, nyumba, ndi jezi kudenga. Ine ndatha zaka ndikugulitsa misomali, ndikudula zikhadabo za mkulu uja, ndipo malipiro anga ndi oti ndimaphika bwino khofi!"

"Ine sindinapemphe mpando."

"Iwe supempha kanthu. Zimangokugwera m'manja ngati mpira."

Curt anaima kusesa. Marlys anadziwa kuti ali ndi mawu amene angamulase, ndipo anawasunga nthawi yaitali moti anali atamulemera. Bambo ake anamupempha kuti asadzawatulutse. Koma bambo ake anali kumanda, ndipo a Duane anali atamuyamikira khofi.

"Chabwino, imva. Akanavota ayi. Anandiuza m'galimoto, osati kamodzi. Ankati sangakweze mtengo wa mkaka ndi matewera kuti anthu okhuta akakhale pa mipando yofewa. Chikwangwani chakocho chinkakhala mugalaja. Ukaimba foni kuti ukubwera, ankachizika. Ukangokhota pa mphambano paja pobwerera, ankachizula."

Anadikira kuti aone nkhope ya mlongo wake ikugwa. Anali atakonzeka kusangalala, ngakhale pang'ono chabe.

Curt anatsamira chosesera chake, nayang'ana chikwangwanicho. "Ndinkadziwa."

"Bodza."

"Tayang'anani cha aneba athu a Sandvik uko. Chafwifwa ndi dzuwa, mbalame zachinyera, ngodya zapindika. Cha a Hofstad n'chimodzimodzi. Chathuchi chaka chonse chikungonyezimira ngati chachokera kosindikiza lero. Ndimagulitsa magalimoto ine, achemwali. Chinthu chogona mugalaja ndimachidziwa."

Mphepo inamwaza masamba amene Curt anali ataunjika.

"Ndinkabwera dala kudzaona ngati tsiku lina angaiwale kuchizika," anapitiriza Curt. "Ndinkafuna andikhazike pansi, andiuze kuti mwana wanga, holo yakoyo sindikuifuna, chifukwa chake ndi ichi. Tikangane ngati anthu akuluakulu. Koma ayi. Inu ankakuuzani zoona m'galimoto, ine ankandiikira chikwangwani ngati mwana womunyengerera ndi switi. Mukudziwa mmene ndinkakuchitirani nsanje?"

Marlys anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi.

"Ndiye a Duane uwauza chiyani?"

"Ndiwauza kuti m'nyumba muno muli khansala kale, angoti sanamuone chifukwa anali kuthira khofi. Akakana, Lachiwiri ndikaima pamaso pa onse n'kunena zomwezo. Mwana wa malemu sangamukane, si anena okha?" Anafwenthera. "Koma musaganize kuti ndasintha. Holoyo ndikuifunabe, ndipo ndidzakuvutitsani kunyumba kuno tsiku ndi tsiku."

"Udzatopa wekha."

Curt anagwira chikwangwani, nachigwedeza pang'ono, n'kuchizula. Miyendo yake ya waya inatuluka mosavuta, chifukwa mabowo ake anali ozolowera. Anachinyamula kupita nacho kugalaja, Marlys akumutsatira.

"Chimakhala pati?"

Marlys analoza kuseri kwa mafosholo ochotsera chipale chofewa. Pamenepo bambo awo anali atakhoma timatabwa tiwiri tosalala bwino, toyezedwa molingana ndi chikwangwanicho, kuti chisakhudze pansi. Pa msomali panali bulangete laling'ono la buluu, lothothoka m'mphepete. Curt analiyang'ana nthawi yaitali. Linali lomwe ankafunda ali mwana.

Marlys analitsitsa, naligwira ngodya ziwiri, n'kumupatsa mlongo wake ziwiri zinazo. Anachikulunga chikwangwanicho mmene mkulu uja ankachitira, kuyambira m'munsi, n'kupinda bwino m'makona kuti chisakandike.