Mabotolo Amene a Harun Anakana Kugulitsa

Cholakwa chinali ichi: a Yasir anagulitsa mafuta a mabuleki a zaka zisanu ndi ziwiri pansi pa chikwangwani cha mkulu wawo, mkulu wawoyo ali m'manda. Osati wina ayi. A Yasir omwewa ogulitsa zitenje mumsika wa Kawale, munthu woti sipanala sadziwa n'koigwirira komwe.

A Harun, mkulu wawoyo, anali makaniko ku Kawale kuno zaka makumi awiri ndi zitatu. Atamwalira, mkazi wawo Zulaikha analowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene wamasiye wa Chisilamu amakhala pakhomo osayendayenda. Tsiku lachitatu a Yasir anabwera ndi nkhope yogwa kudzatenga makiyi a galaja, akuti zitsulo zingabedwe. Zulaikha anapereka. Akanatani ali pamphasa, maso ali otupa?

Eda itatha, m'mawa mwake anavala mpango wake, ulendo wa kugalaja, wapansi. Ali chapatali anaona tebulo panja, pamene amuna ake sankaikapo tebulo. Patebulopo mabotolo anali atasanjikizidwa ngati tomato, opukutidwa mpaka kunyezimira. Pambali panaima minibasi, ndipo Kings, dalaivala wa msewu wa Salima amene ankakonzetsa kwa a Harun kuyambira ali kondakitala, anali ndi botolo limodzi m'manja akufuna kutsegula.

"Kings, ika pansi botololo."

"Ah, amayi, mwatuluka? Pepanitu ndi zovuta zija."

"Zikomo. Ika pansi."

Zulaikha anatola botolo lina n'kuliyang'ana pa chivindikiro. Anali atapala ndi mpeni, koma m'mphepete munatsalira penti yofiira.

Mabotolo amenewa ankawadziwa ngati ana ake. A Harun anagula makatoni asanu ndi limodzi ku Kanengo, pa kampani ina imene inkatseka. Anagulitsa zaka zitatu. Kenako tsiku lina anatembenuza botolo, n'kuwerenga tsiku limene linapangidwa, n'kutenga penti yofiira kudontheza pa chivindikiro chilichonse cha makatoni awiri otsala. Anakawaika m'kashedi ka kuseri, kodontha dzinja lililonse, kotentha ngati uvuni mu Okutobala. Zulaikha anakangana nawo tsiku limenelo, chifukwa Hafsah, mwana wawo, analibe yunifolomu. A Harun anangoti mafuta a mabuleki ndi chidakwa cha madzi. Ukatsegula, amayamba kumwa chinyezi tsiku lomwelo, ndipo pakatha miyezi ingapo ndi otaya. Osatsegula, zaka ziwiri, mwina zitatu ngati wawasunga pouma ndi pozizira. Kupitirira apo iwo sakanathira m'galimoto yonyamula anthu. Kutaya pansi anakananso, poopa zitsime za anthu. Ankangotengako kuthira pa mabawuti ochita dzimbiri.

A Yasir anatuluka m'galajamo akutafuna chinangwa.

"Alamu, mwabwera msanga bwanji? Mukanapuma kaye. Kuno zonse zili m'manja."

"M'manja mwa ndani? Penti iyi munapala ndinu?"

"Inkanyansitsa katundu. Achimwene anali ndi luso, koma bizinesi ayi. Katundu watsopano kumuunjika kuseri ngati zinyalala? Onani nokha, palibe latsegulidwapo. Chosatsegula sichiwola."

"Dzira nalonso silitsegulidwa, alamu. Lisungeni zaka seveni mudzadyere tiyi."

Vera, mayi wowotcha chimanga pafupi ndi galajayo, anaseka mpaka kutsokomola. A Yasir anasiya kutafuna.

"Alamu, izi ndi za amuna. Inu sukulu munalekeza Sitandade 6. Zolemba pabotolopo mungawerenge?"

"Chingelezi chakecho ayi. Koma manambala sakhala a Chingelezi." Anatembenuza botolo n'kuonetsa Kings pansi pake. "Werenga chaka icho, mokweza."

Kings anawerenga. Kenako anawerengera pa zala, n'kuimba kakhweru kotsitsa.

"Komatu amayi, akuoneka abwinobwino," anatero akupenyetsetsa botolo padzuwa. "Ndipo a Yasir akugulitsa theka la mtengo. Masiku ano zinthu zathina."

"Madzi ake saoneka ndi maso. Dikira."

Zulaikha analowa m'galajamo. Fungo la oyilo linamukumbutsa ovolosi ya amuna ake, koma sanaime. M'kabati yamkati munali mabotolo anayi amene a Harun anagula mwezi umodzi asanadwale. Anatenga limodzi, anatolanso zitini ziwiri zopanda kanthu, n'kutuluka nazo.

"Mayi Vera, ndibwerekeniko mbaula pang'ono."

"Tengani, anzanga. Chimanga chidikira. Filimu iyi sindingaiphonye."

M'chitini china anathira pang'ono mafuta atsopano, m'chinacho akale aja. Anaika zonse ziwiri pa waya wowotchera chimanga, moyandikana, n'kuuza anthu asunthire kumbuyo. A Harun anamuonetsa zimenezi kamodzi kokha, tsiku la mkangano wa yunifolomu lija. Sanaiwale. Koma anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo zikanakanika, Kawale yense akanati wamasiye wa a Harun wazungulira mutu.

Panapita kanthawi. A Yasir anayamba kumwetulira. Kenako m'chitini cha akale munatuluka kathovu kamodzi, kenako tambiri, mpaka mafutawo anayamba kubwata. Atsopano aja anali phee, osagwedezeka.

Zulaikha anaphula zitinizo ndi pulayala.

"Kings, ukamatsika mapiri opita ku Salima uli ndi anthu odzaza, matumba a ufa kumbuyo, mabuleki amatentha ngati mbaula iyi. Mafuta akabwata m'mapaipi, phazi limangolowa mpaka pansi. Ukaponda kawiri, katatu, palibe. Ukufuna theka la mtengo?"

Kings anabweza botolo patebulo pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Amayi, ndipatseni latsopanolo. Koma zimenezi munaphunzira kuti?"

"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinkachapa zovala za makaniko. Akamayankhula ndinkamvetsera. Ena ankangobwera kudzadya pa Idi."

Anthu anaseka, koma Zulaikha sanaseke. Anayang'ana chikwangwani, dzina la amuna ake likadali pomwepo m'zilembo zabuluu. Pa zaka zonsezo palibe galimoto imene inatuluka pamenepo n'kukapha munthu chifukwa cha mabuleki. Anthu ankachoka ku Biwi, ku Area 23, ngakhale ku Njewa, kulambalala magalaja khumi kutsata dzina limenelo.

Anayamba kuwerenga mabotolo a patebulo. Anakawerenganso otsala kuseri. Makatoni awiri ndi mabotolo makumi anayi ndi asanu ndi atatu. A Harun anatengako asanu a mabawuti. Tsopano analipo makumi atatu.

"Khumi ndi atatu palibe," anatero. "Ali m'magalimoto, pamsewu, pano tikuyankhula pano."

"Alamu, tikakambirane kunyumba. Pano pali anthu."

"M'magalimotomo mulinso anthu."

Anatenga chikatoni chopanda kanthu n'kung'amba mbali imodzi. Kings anamupatsa bolopeni. Zulaikha anakankha mabotolo, n'kuyala chikatonicho patebulo pamaso pa a Yasir.

"Ine ndiyenda siteji ndi siteji lero, mpaka aliyense achotse mafutawo. Koma sindingayende osadziwa amene ndikumufuna. Kulemba maina ndimatha, Sitandade 6 inakwanira. Woyamba kugula anali ndani, ndipo galimoto yake imayenda msewu uti? Musayang'ane pansi, alamu. Ndiyankheni."